Ndibwezamawa Sali M'buku

Ntchito yanga n'kulemba zimene akuluakulu agwirizana.
Lachitatu, mu ofesi yapamwamba ku Sitisenta,
fani ikulira ngati yagwidwa chimfine,
tinafika pa chilembo C:
Chinkhwita, Damaziyo, wanthabwala wa pa wailesi,
wodziwika kuti Ndibwezamawa.

"Wodziwika kwa yani?" anafunsa Wapampando.
"Insaikulopediya si m'ndandanda wa pamaliro.
Imafuna umboni: nyuzipepala zitatu, mphotho,
kapena buku lomutchula."
Mayi Kalonjere anatsegula fayilo.
Munali kapepala kamodzi kofiirira,
chithunzi cha gulu, iye kumapeto, theka la nkhope,
dzinanso analilakwitsa.
"Nanga matepi?"
Matepiwo anajambulirapo uthenga wa feteleza
chaka chimene ndalama zinavuta.
Zaka khumi ndi zinayi za Loweruka madzulo
zagona pansi pa mlangizi wonena za mapando.

Ndinalemba: Umboni wosakwanira.
Linalemba ndi dzanja. Ine sanandifunse.

Akanandifunsa ndikanatchula Kawale,
nyumba yalendi yodontha pakona,
bambo akuyanika mabatire padenga chiyambire m'mawa
kuti apirire theka la ola.
Ndikanatchula amayi,
amene chimwalirire Lute anaiwala njira ya kuseka,
mpaka usiku umene Ndibwezamawa anakakongola nsapato kwa mkamwini
kuti akabwezere ngongole ya masokosi.
Anaseka amayi, nagwira khoma,
kenako analira, kenako anasekanso.
Koma zimenezi uzilemba patsamba lanji?

Mwina Wapampando sakulakwa.
Bukuli likatsegulira aliyense
amene anaseketsapo mayi wa munthu,
adzalinyamula ndani?

Madzulo mudepoti, minibasi ya ku Chinsapo,
kondakitala wandidyera chenje.
Ndikamukumbutsa, akumenya chitseko, akuti:
"Mawa silinama, akulu..."
basi yonse n'kumalizitsa: "...limangochedwa!"
Mnyamatayo anabadwa pulogalamu itatha kale.
Ndinamufunsa ananena mawuwo ndani.
"Mwambi wa makolo umenewo," anatero.

Loweruka ndinakamupeza ku Mchesi.
Amagulitsa mayunitsi pansi pa ambulera yothothoka,
pafupi ndi anyamata okhoma mabokosi.
Mano atsala anayi, mawu ndi omwewo.
Ndinamufotokozera zonse, mwamanyazi,
ngati wodzanena uthenga wa imfa.
"Bukulo," anati, "amalowamo amoyo?"
Ena, ndinatero.
"Ndiye asavutike. Anyuzipepala amakonda maliro.
Tsiku limene anyamatawa adzandiyeze,
umboni udzabwera wokha, utavala jekete."
Anatsokomola, nayang'ana kumsewu kanthawi.
Ndinaona ngati chamukhudza.
"Mapepala ake ngofewa?
Ndikufunsira fodya wanga."

Pochoka anandikongola faifi handiredi.

Lachitatu linalo tinali pa D.
Munthu wina amene anatsegulira zimbudzi za pamsika
analowa mosavuta: zithunzi zake n'zambiri,
lumo m'manja, riboni ikugwa.
Potseka, Mayi Kalonjere anafunsa za alawansi
ya miyezi itatu imene sitinalandire.
Wapampando anavula magalasi,
napukuta ndi tayi,
nayang'ana pawindo kumene jakaranda anali kuyoyoka
pamagalimoto a boma.
"Tiyeni tipirire," anatero.
"Paja mawa silinama, limangochedwa."

Onse anaseka.
Palibe anafunsa umboni.

Ine ntchito yanga n'kulemba zimene akuluakulu anena.
Ndinalemba mawuwo monga anawanenera,
tsiku, nthawi, malo,
ndi dzina la mwini wake pambali.
Wapampando anasaina osawerenga,
chidindo phaa!
Kapepalako ndakaika m'fayilo ya Chinkhwita.

Tsopano timapepala tilimo tiwiri.